Mpiringidzo Unatsala Panja

Chaka chimene ndinasiya sileti n'kuyamba kulemba ndi pensulo, atate anamanga balani ya fodya kuseri kwa nyumba ya agogo, amayi awo a amayi anga. Inali nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija, anyamata ambiri a m'mudzi mwathu, kufupi ndi Nsaru, atapita ku usilikali. Aphunzitsi a pa sukulu ya mishoni anandipatsa kope lotsala masamba, ndipo popeza kulankhula pagulu kunkandivuta, ndinazolowera kulembamo zimene ndaona tsiku limenelo. Kopelo linadyedwa ndi chiswe kalekale, koma zimene ndinalembamo za chaka chimenecho sizinachoke m'mutu mwanga.

Atate anali mkamwini. Kwawo kunali ku Nambuma, ndipo anabwera kudzakhala m'mudzi wa amayi monga mwa mwambo wathu. Munda umene ankalima unali wa mbumba ya agogo. Malo a nyumba anachita kulozeredwa ndi atsibweni, alongo awo a amayi. Ngakhale ife ana awo tinkawerengedwa a kuchikazi. Chimene atate ankafunitsitsa chinali chitengwa, kuti tsiku lina aloledwe kutenga amayi ndi ife kukakhala kwawo. Atsibweni anali atawauza kuti adikire, anthu aone kaye ngati ali munthu wosunga banja. Choncho atate ankayenda m'mudzimo ngati munthu wosenza mtsuko wodzaza, kuopa kupezeka ndi chifukwa ngakhale chimodzi. Ankati fodya wa chaka chimenecho akatuluka bwino, adzapitanso kukagwada kwa atsibweni.

Atate ndi agogo sankalankhulana. Sikuti ankadana, ayi. Unali ulemu wa apongozi. Akakumana panjira, atate ankapatukira m'tchire n'kunjuta, nkhope atalozetsa kwina, mpaka agogo adutse. Sankadyera pamodzi, sankayang'anana, ndipo mkamwini kuoneka wosavala malaya pamaso pa apongozi ake chinali chinthu chochititsa manyazi mudzi wonse. Mawu awo ankayenda kudzera mwa ine. Agogo ankati, kawauze atate ako kuti mbuzi zawo zalowa m'dimba. Atate ankati, kawauze agogo ako kuti ndamva, ndathokoza. Ndinkathamanga pakati pa nyumba ziwirizo osaonapo chachilendo. Agogo ankawakonda atate mwa njira yawo. Akafulula thobwa, chipanda choyamba chinkapita kwathu.

Fodya amene tinkalima anali wa chikopa, wosaumitsa padzuwa koma wowamba ndi utsi. Pansi m'balani amakumba maenje, n'kuikamo zikuni ndi zitsononkho zoti zizinyeka pang'onopang'ono, masamba atapachikidwa m'mwamba pa timitengo totchedwa mikangala. Motowo uyenera kufuka, usayake. Mphepo ikangolowa, kapena tsamba louma likagwera m'dzenje, balani yonse imatha munthu asanafike kuchitsime. Chaka chapitacho, m'mudzi wina wa kufupi ndi Kabudula, moto wochokera m'balani unatha nyumba ndi nkhokwe za mbumba yonse.

N'chifukwa chake kapitawo wa fodya anabwera pa njinga yake, mvula isanathe, nasonkhanitsa amuna pansi pa mtengo wa kachere. Ine ndinabisala kuseri kwa nkhokwe n'kumamvetsera. Anati balani ikhale patali ndi nyumba, udzu ulambulidwe mozungulira, pakhomo pakhale mtsuko wa madzi ndi mulu wa mchenga. Koma anakhalitsa pa nkhani ya chitseko. Anapita pa balani ya atsibweni, nagwedeza chitseko chake cha mapesi ndi phazi.

"Ichi si chitseko, bambo. Izi ndi nkhuni zoyatsira moto."

Anati chitseko chikhale cha mitengo, chomata dothi kuti moto ukabuka m'kati usatuluke msanga. Chizitsegukira kunja, kuti munthu wothawa angokankha ndi phewa. Ndipo popeza chitseko chotere chimatsekedwa ndi mpiringidzo wopingasa pa mphanda ziwiri za panja, anachenjeza kuti mtengowo usamatsale panja mwini wake ali m'kati.

"Mukalowa, mpiringidzo lowani nawo. Ameneyo ndi mkazi wanu, musamusiye panja, ena angakutengereni."

Amuna anaseka, navomera onse. Kapitawo atakwera njinga yake, ambiri anabwerera ku zitseko zawo za mapesi. Atate okha ndi amene anachita zonse monga ananenera, chifukwa mkamwini wootcha mudzi wa eni ake sapemphanso chitengwa.

Ndinawathandiza kupanga chitsekocho. Anadula mitengo yowongoka kudambo, nailuka ndi luzi. Tsiku lina tinapita ku Nsaru ndi dengu la mtedza, kwa bambo wina wachisilamu wa sitolo, amene anatipatsa zitini zakale za palafini. Zitini zinali zosowa nthawi ya nkhondo, koma bamboyo atamva ntchito yake analowa kuseri nakatenga zimene mkazi wake ankatungira madzi. Atate anazing'amba, nazisalaza ndi mwala, nazikhomera mbali ya m'kati. Mbali ya kunja tinamata dothi la pachulu losakaniza ndi udzu. Ine ndinkaponda dothilo, iwo n'kumamata. Pomaliza anandilola kusalaza ndi chikhatho changa, ndipo zala zanga zinatsalira pamenepo dothi litauma.

Chitsekocho chinalemera kwambiri moti anachipachika amuna awiri. Atsibweni anabwera kudzaona, manja ali kumbuyo.

"Alamu, kodi mukufuna kusungamo mkango?"

"Iyayi alamu, fodya yekha."

"Fodya wa ku Nambuma amathawa eti?"

Atate anangoseka chamumtima, maso ali pansi. Koma madzulo ake ndinamva atsibweni akuuza amayi kuti mwamuna wawo ndi munthu wa manja, ndipo amayi anabwera kunyumba akuimba.

Tinathyola fodya, tinasoka, tinapachika. Moto unayatsidwa, ndipo kuyambira pamenepo atate sankatalikira balani. Ndikabwera ku sukulu ndinkawapititsira madzi akumwa. Ndikapeza mphanda zili zopanda kanthu, mpiringidzo osaoneka, ndinkadziwa kuti ali m'kati, n'kugogoda. Ankatuluka maso ali psu, misozi ikuyenderera pa mwaye wa kumaso, thupi lonse likununkha utsi. Ankandionetsa tsamba limodzi pakuwala, n'kundifunsa ngati layamba kufanana ndi chikopa cha mbuzi yakuda. Ine ndinkangovomera.

Fodya atatsala pang'ono kupsa bwino, nyengo yozizira itayamba ndi mphepo yake yochokera kum'mawa, kunagwa maliro m'mudzi wa tsidya lina la dambo. Amene anamwalira anali mbale wa agogo. Akamwini ndi amene amathamanga pa maliro otere, kukumba manda ndi kudula mitengo, ndipo wosapita amanenedwa mpaka kalekale. Atate anafotsera moto ndi phulusa, natseka chitseko, napinga mpiringidzo, nanyamuka m'mawa pamodzi ndi akulu onse. M'mudzi munatsala ana ang'onoang'ono ndi agogo, amene mwendo wawo unali utatupa ndipo sakanatha kuwoloka dambo. Ine ndinapita ku sukulu.

Zimene zinachitika masana amenewo ndinazimva pambuyo pake, zina kwa atate, zina kwa agogo. Dzuwa litapendeka mphepo inakula. Atate ali kumanda mtima sunakhazikike. Anazemba osauza munthu, nathamanga kudutsa dambo kuti akangosuzumira moto n'kubwerera anthu asanazindikire. Panjira anathyola masamba aawisi odzaza manja onse awiri, oti akaphimbire maenje kuti moto usayake. Atafika anachotsa mpiringidzo ndi chigongono, unagwa pansi, iwo n'kulowa ndi masamba awo. Ankati akangowaika pansi atulukenso kukatenga mpiringidzowo. Koma anapeza dzenje limodzi layamba kuonetsa lawi, ndipo anavula malaya, nagwada, nayamba kuliphimba.

Nthawi yomweyo agogo anatuluka m'nyumba mwawo ndi lichero la mtedza. Anaona chitseko cha balani chikugwedezeka ndi mphepo, mpiringidzo uli pansi. Iwo ankadziwa kuti mudzi wonse uli ku maliro. Ankadziwanso, monga tonse tinamvera, kuti mphepo ikalowa m'balani fodya amapsa. Anatsimphina ndi ndodo yawo mpaka pakhomopo, nakankha chitseko, nanyamula mtengo uja movutikira, naupinga. Ankang'ung'udza okha kuti ana a masiku ano amatseka ngati akuthawa njuchi, fodya wabwino chonchi angawonongeke.

Atate anamva ndodo ija ikubwera, anamva mawu aja, ndipo anadziwa kuti ndi apongozi awo. Anali osavala malaya, miyendo ili ndi dothi la kumanda, atathawa maliro a mbale wa mayi yemweyo. Kuti aitane, akanayamba ndi mawu ati? M'zaka zonsezo anali asanawalankhulepo ngakhale moni. Anakhala chete m'utsimo, naganiza kuti agogo akachoka adzaitana mwana aliyense wodutsa.

Koma agogo sanachoke. Khoma la balani linali lofunda, ndipo mbali imeneyo mphepo sinkafika. Anakhala pansi, natsamira khomalo, nayamba kusenda mtedza wawo.

Masamba aawisi aja anachulukitsa utsi. Atate anagona chafufumimba, mphuno ili pampata wa pansi pa chitseko, malaya atatseka nawo pakamwa kuti chifuwa chisamveke. Ankamva makoko a mtedza akusweka kuseri kwa khoma. Anati ankangodziuza kuti lichero litha posachedwa. Kenaka mutu unalemera, ndipo sanadziwenso kuti papita nthawi yotani. Chinawadzutsa ndi kutentha kumsana. Mkangala umodzi unali utagwera m'dzenje, masamba ouma atayaka, moto ukukwera m'mwamba. Apo ndi pamene anayamba kumenya chitseko.

Ine ndinali panjira yochokera ku sukulu, kope lili m'manja. Ndinaona utsi wa balani yathu wasintha mtundu. Masiku onse unkatuluka woyera, waulesi, koma tsopano unali wakuda ndipo unkathamanga. Nditafika ndinapeza agogo atagwira mpiringidzo ndi manja awiri, akuukoka, akulira mopanda mawu. Mtengowo sunkasuntha. Atate ankakankha ndi mphamvu zawo zonse kuchokera m'kati, ndipo kukankhako n'kumene kunkaupanikiza pa mphanda. Agogo ankaona zimenezo. Koma m'malo mowauza okha, anatembenukira kwa ine.

"Auze atate ako aleke kukankha."

Ndinaika pakamwa pa mng'alu wa chitseko n'kunena. Mawu anga anali aang'ono, moto unkalindima, sanamve. Ndinanenanso. Kachitatu ndinakuwa ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo, ndipo chitseko chinaleka kugwedezeka. Tinanyamula mtengowo awiri, unatuluka mosavuta. Atate anagwera panja chamutu. Agogo anavula nsalu yawo ya pamapewa, nawaphimba kumsana kumene kunkafuka, nkhope atalozetsa kumbali. Kenaka anakankhanso chitseko chija n'kuchitseka.

Denga linapsa lonse ndi fodya yense. Koma chitseko chinagwira, malawi sanatulukire pakhomo kumene mphepo ikanawatengera ku nyumba ya agogo, ndipo zoyaka zimene zinagwa pansi zinagwera pa bwalo lolambula. Anthu pochokera ku maliro, atauona utsi, anapeza makoma ali chiimire, nkhokwe zonse zili bwino. Kapitawo atabwera patapita masiku, anazungulira balaniyo, nagogoda zitini zakuda zija, nanena kuti pakanakhala chitseko cha mapesi bwenzi mudzi wonse uli phulusa. Anafunsa za mpiringidzo. Anthu anasintha nkhani, ndipo iye sanafunsenso.

Zilonda za kumsana ndi m'manja zinayamba kupola. Amayi ankazitsuka ndi madzi a mchere, ine n'kumaingitsa ntchentche ndi nthambi. Chimene sichinapole ndi chifuwa. Atate ankapuma ngati munthu wokwera phiri, ali gone pamphasa. Ankatsokomola zakuda, pambuyo pake zofiira. Anawanyamula kupita ku chipatala cha mishoni, anapatsidwa mankhwala a m'botolo, nabwerera chimodzimodzi.

M'mudzi nkhani inayenda mitundu iwiri. Ena ankati mkamwini anathawa maliro, mizimu siinakondwe. Ena ankati ndi munthu waulemu woposa onse amene anakwatirapo m'mudzimo, ndipo ankanena zimenezi monyadira, ngati kuti ulemuwo ndi wawo. Atsibweni anasiya nthabwala. Ankabwera m'mawa uliwonse, n'kukhala pakhonde, n'kumachoka atangofunsa mmene kwachera.

Agogo anasiya kudya. Tsiku lina anandituma kugwira nkhuku yawo yoyera. Kwathu, mkamwini akabereka ana angapo, apongozi amatha kumupatsa nkhuku pamaso pa anthu, kuti kuyambira pamenepo azilankhulana. Amayi anali atawakumbutsapo kangapo m'zaka za m'mbuyo, koma agogo ankati palibe chofulumirira, munthuyo sakupita kulikonse. Tsiku limenelo anayenda ndi ndodo yawo mpaka kwathu, nalowa m'nyumba, nakhala pafupi ndi mphasa, nkhuku ili pamiyendo. Atate anayesa kudzuka kuti atembenukire kukhoma, koma agogo anawagwira phazi.

"Bambo, mukanangotsokomola. Ine ndikanamva."

Atate anakhala nthawi yaitali akusonkhanitsa mpweya.

"Munachita bwino kutseka, amayi. Mphepo inali yambiri."

Agogo anakhala pomwepo mpaka dzuwa linalowa m'nyumba kudzera pakhomo, akuwaingitsira ntchentche, ine atandilanda nthambi ija.

Abale a atate anamva za matendawo, ndipo kunabwera alongo awo ndi amuna anayi onyamula machira. Anati munthu wawo akadwalire kwawo, pakati pa eni ake, monga zimakhalira mkamwini akadwala kwambiri. Sanakalipe, sanafunse mlandu. Atate anapempha kuti atsibweni aitanidwe, ndipo ali gone chomwecho anapempha chitengwa, mawu akudukaduka. Atsibweni anayang'ana amayi, amene anali ndi pakati pooneka, anayang'ananso agogo ndi mwendo wawo, nanena kuti alamu apite akachire kaye, akadzabwera ndi miyendo yawo adzatenga banja lawo, palibe adzaletse. Ndikhulupirira kuti ananena zoona. Atate anathokoza.

Tinawaperekeza mpaka podutsa dimba. Machira anaima pang'ono kuti onyamula asinthane mapewa, ndipo atate anatulutsa dzanja lawo lokhala ndi zipsera, nandigwira pamutu. Anandiuza kuti ndisasiye sukulu, ndiponso kuti ndiziwatungira madzi agogo. Ndinangogwedeza mutu pansi pa dzanja lawo.

Uthenga wa maliro awo unafika mvula yoyamba isanagwe. Tinayenda ulendo wa ku Nambuma ine, amayi ndi atsibweni, ang'ono anga atatsala ndi agogo. Aka kanali koyamba kuti ndione kwawo kwa atate. Pa maliropo tinakhala mbali ya alendo. Amayi a m'mudzimo ankabwera kudzandiyang'ana nkhope, n'kumauzana kuti mphumi ndi yomweyo. Mmodzi wa iwo, msuweni wa atate, anandikhazika pambali pake nayamba kundisimbira za ubwana wawo. Anati atate anali mnyamata waphokoso kuposa onse, woyambitsa nyimbo paukwati uliwonse, ndipo akaitana ng'ombe ali kutsidya kwa dambo, mudzi woyandikana nawo unkadandaula. Ndinaganiza kuti mwina akunena munthu wina. Ndinayang'ana amayi anga, ndipo anavomera ndi mutu.

Tisananyamuke, alongo awo a atate anatitengera kumapeto kwa mudzi, pamalo okwera pang'ono oyang'ana kudambo. Panali mulu wa mitengo ya nyumba, yosendedwa bwino, yosanjikidwa pa miyala kuti chiswe chisaifike. Anati atate anaidula chilimwe chapitacho pamene anabwera kudzacheza, kuti adzatimangire nyumba akaloledwa chitengwa, nawapempha kuti aziiyang'anira. Anafunsa amayi ngati angaigwiritse ntchito, popeza khola lawo linali litagwa. Amayi anati aitenge.

Tinabwerera kwathu tsiku lotsatira, dzuwa likutentha, amayi akupuma pamthunzi uliwonse. Titayandikira mudzi tinaona agogo ataima panjira ndi ndodo yawo, atabereka mng'ono wanga wotsiriza, akuyang'ana kumene tinkachokera.